Mwana Wophunzira Uinjiniya: Nchiyani Chimampatsa Mtima Woyamba Ntchito Yakeyake?

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi, pa nthawi ya alimi, ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'boma la Chitipa. Taisindikiza monga momwe anaikambira.)

 

Masabata apitawa takhala tikukamba za manyowa ndi za anankafumbwe. Lero ndipatuka pang'ono, ndikambe za ana athu amene ali ku Yunivesite kuphunzira uinjiniya, ndiko kuti luso la makina, la magetsi, la madzi, la miseu ndi milatho. Funso langa ndi ili: nchiyani chimampatsa mwana wotere mtima woti akatsiriza sukulu adzayambe ntchito yakeyake, ndipo nchiyani chimauzima mtima umenewo? Ndidziwa kuti wina pakhonde pake wayamba kale kuseka, ati, "Mlangizi wa mbeu angazidziwe bwanji zimenezi, munthu woti sukulu yake inathera ku sekondale?" Sindikana. Ku Yunivesite sindinapondeko. Koma chimene chandiyankhulitsa ndi mota imodzi yakupsa, ndipo ndiyamba ndi imeneyo.

Chaka chatha gulu lina la alimi m'dera langa, limene sindilitchula dzina, linali ndi makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Mota yake inapsa mwezi wa June, mpendadzuwa utangolowa m'matumba. Munthu wodziwa kukulunganso waya wa mota yaikulu chotero sanapezeke pafupi. Anaikweza pa galimoto kupita nayo ku Karonga, mtunda wa makilomita 101, ndipo kumeneko anauzidwa kuti apitirire nayo ku Mzuzu. Inabwerako patapita masabata 7. M'masabata amenewo ana anafunika fizi, odwala anafunika mankhwala, ndipo alimi mmodzimmodzi anagulitsa mpendadzuwa wao kwa ogula amene amaoloka nao mtsinje wa Songwe. Taganizani abale anga: makilogalamu anai a mpendadzuwa amatulutsa pafupifupi lita imodzi ya mafuta, ndipo zotsalira zake ndi chakudya chabwino zedi cha nkhumba ndi nkhuku. Zonsezo zinaoloka. Pofika mwezi wa September alimi omwewo anali kugula mafuta a m'botolo pa msika.

Tsono chimene chinandiwawa nchakuti wapampando wa gulu limenelo ali ndi mwana ku Blantyre, chaka chachinai, akuphunzira za magetsi. Ndinawafunsa, ndati, "Bambo, mwana wanu uja akatsiriza, sangadzatsegule shedi yake pano pa Boma, azitikonzera mamota?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati, "Alangizi, ndagulitsa ng'ombe zinai kuti mwanayo adzavale ovolosi pa Chitipa? Akapeze ntchito ya pamwezi, azititumizira." Sindinawatsutse, pakuti mau onga omwewo ndinawanenapo ine mwini kwa m'bale wanga, monga mudzamva patsogolo.

Maganizo a bambo aja ali ndi pochokera. Pamene Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, dziko litangolandira ufulu, Amalawi odziwa uinjiniya anali ochepa ndithu, ndipo ntchito inali kuwadikira pachipata. Akulu athu anaona zimenezo ndi maso, natiphunzitsa kuti digiri ndi ntchito ndi chinthu chimodzi. Koma tsopano sukulu zachuluka. Polytechnic ija kuyambira 2021 ndi Yunivesite payokha, dzina lake MUBAS. Ku Thyolo kuli MUST, imene inayamba kuphunzitsa mu 2014. Ku Bunda, kumene kuyambira 2012 kuli pansi pa LUANAR, amaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi ndi wa ulimi wothirira, ndipo ku Mzuzu University amaphunzitsa za magetsi a dzuwa, a mphepo ndi a madzi. Chaka chiri chonse kumatuluka anyamata ndi atsikana okhoza bwino, koma maofesi ndi mafakitale sanachuluke pa liwiro lomwelo. Ambiri amakhala zaka 5 pa uinjiniya, ndipo pambuyo pake ena amathanso zaka zina ali kuyenda ndi envulopu m'miseu ya ku Lilongwe.

Ife alangizi tiri ndi chinthu chimodzi chimene timachidziwa bwino, ngakhale sitinachiphunzire m'mabuku akuluakulu, ndicho momwe munthu amatembenukira mtima nkuyamba chinthu chatsopano. Ndikapita m'mudzi ndi njira yatsopano, monga kubzala mbeu imodzi paphando, sindiyembekeza kuti mlimi aitenga chifukwa ndalankhula mokoma ai. Amayamba wadzifunsa ngati njirayo iri ndi phindu. Kenaka amatchera khutu kuti amve chimene akazi ake, apongozi ake ndi anzake a pa bawo anena. Potsiriza amayang'ana manja ake ndi thumba lake, nati, kodi ndingaithe? Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, njira yanga imathera pa msonkhano pomwepo. Mnyamata wina wa ku Yunivesite amene anadzaphunzira ntchito pa ofesi yathu, nditamuuza zimenezi, anaseka nati ndaba nzeru za katswiri wina wa ku America, dzina lake Icek Ajzen, amene mu 1991 analemba kuti cholinga cha munthu chimamera pa zinthu zitatu zomwezi, ndi kuti ambiri ofufuza za ana a sukulu ndi bizinesi amayendera nzeru imeneyo. Ine ndinamuyankha kuti ngati pali wakuba ndiye ndi katswiriyo, chifukwa alimi a ku Lufita anaidziwa kale.

Mnyamata yemweyo anandiwerengera zimene anapeza anthu awiri, Christian Lüthje ndi Nikolaus Franke, amene anafunsa ophunzira uinjiniya 512 pa sukulu yotchuka ya MIT ku America, nafalitsa zopeza zao mu 2003. Anapeza kuti chikhalidwe cha munthu chiri ndi mbali yake. Mwana wosaopa kuyesa, ndiponso wokhulupirira kuti zomchitikira zimachokera m'manja mwake osati pa mwai chabe, amaikonda nkhani ya kudziimira payekha. Koma anapezanso kuti momwe mwanayo amaonera zopinga za panjira, ndi momwe amaonera chithandizo chomzungulira, zimakweza kapena kutsitsa cholinga chake pazokha. Mvetsetsani mau akuti momwe amaonera. Mwana wa zaka 22 sanalowepo m'banki kukapempha ngongole, sanakhomepo msonkho. Zopingazo amaziona ndi maso obwereka, ndipo maso amenewo amawabwereka kwa ife a kunyumba.

Apa ndipo ndifuna ndikhalitsepo. Mwana wa ku Chitipa akapita ku Yunivesite sapita yekha ai, amasenza mudzi wonse. M'fizi yake muli ng'ombe ya bambo, muli matumba a nyemba a mai, muli khofi wa amalume, mwina muli ndi sukulu ya mlongo wake amene anasiyira panjira kuti ndalama zikwanire mmodzi. Akabwera pa tchuthi, funso loyamba limene timamlonjera nalo ndi lakuti, "Utsiriza liti?" Ife timafunsa mwachikondi, koma iye amamva ngongole. Mwana wosenza ngongole yotero sangayerekeze kuika ndalama pa chinthu chimene chingathe kugwa. Kwa iye malipiro a pamwezi ndiye fodya wa pamphuno, bizinesi ndi fodya wa pachala amene angauluke ndi mphepo. Kuonjezera apo tiri ndi chizolowezi chopatsa ulemu chovala. Wa taye timamuti bwana, timampatsa mpando. Wa ovolosi timamuti mmisiri, timamuimiritsa panja, ngakhale iyeyo ndiye walemba anyamata asanu ntchito. Ana amaziona zimenezi asanafike ndi Sitandade 5 yomwe. Kwa mwana wamkazi mau amalemera kuposa apo. Timamuuza kuti zitsulo nza amuna pamene akusankha maphunziro, ndipo akalimbika nkutsiriza timamuuzanso kuti mkazi wa shedi sakwatiwa.

Ndinalonjeza kuti ndiulula zanga. Mng'ono wanga, amene ndinamlipirira ine sukulu, ali chaka chachitatu anabwera pa tchuthi nayamba kutola zitsulo. Anatenga mgolo wakale, tcheni ndi mapedulo a njinga, napanga makina otonolera chimanga. Sanali okongola, ndipo ankaswa njere zina, koma chimanga chimene amai ankatonola madzulo onse pamodzi ndi adzukulu chinkatha tiyi asanazizire. Anthu a m'mudzi anayamba kubwera kudzaona, ndipo amai ena awiri anafunsa mtengo. Ine nditafika, mmalo moyamika ndinamkalipira pamaso pa anthu. Ndinati, "Ndalama zanga sizikupita ku sukulu kuti uzisewera ndi zitsulo za kudzala. Mabuku ako ali kuti?" Anangoti, "Ndamva, achimwene." Makina aja anawakankhira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ali pomwepo mpaka lero, nkhuku zimaikiramo mazira. Mayeso anakhoza bwino ndithu. Chino ndi chaka chachitatu ali m'tauni, kugwira maganyu a apa ndi apo. Ndikamuimbira foni tsopano kuti bwera tiwadzutse makina aja, amati za zimenezo alibe nazo mtima. Akulu anati mmera mpoyamba. Mmera umenewo ndinauponda ndine, mlangizi amene ndimadzudzula ana akadutsa m'munda mwa eni.

Nanga chimene chimaudzutsa mtimawo nchiyani? Alimi a m'dera langa amadziwa kuti sindidalira pakamwa. Ndimalima munda wachitsanzo m'mbali mwa mseu, ndipo ndimafuna mlimi mnzao amene anayesa nakolola kuti alankhule mmalo mwanga. Ku Yunivesite nchimodzimodzi. Mu 2007 Vangelis Souitaris ndi anzake awiri anafalitsa zimene anaona pa ophunzira 250 a sayansi ndi uinjiniya ku London ndi ku Grenoble, ena ophunzitsidwa za bizinesi, ena ai. Ophunzitsidwawo cholinga chao chinakwera. Koma chodabwitsa nchakuti chimene chinachikweza si nzeru za m'kalasi kwenikweni, koma kukhudzidwa mtima, monga pomva munthu amene anayamba zake, kapena mphunzitsi amene anawatsegula maso. Ndiye munda wachitsanzo uja.

Kwathu kuno chitsanzo chimene ana onse amachidziwa ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene mu 2002, ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola, akuwerenga mabuku obwereka. Lero timamtama, koma pamene anali kutola zitsulozo anthu ena a kwao anali kumuyesa wamisala. Ndikamva mbiri imeneyi ndimadziwa gulu limene ine ndikanakhalamo.

Manja naonso ali ndi mbali. Mwana amene watsiriza zaka 5 osagwirapo sipanala adziwa masamu a mota, koma mtima wake umamuuza kuti sangaithe mota yeniyeni, ndipo mtimawo sunama. Nchifukwa chake ndinakondwa kumva kuti mu 2016 Polytechnic, mothandizana ndi Rice University ya ku America, inatsegula chipinda chimene ophunzira amapangiramo zipangizo ndi manja ao, ndi kukonzeramo makina a m'zipatala. Koma chipinda chotero tiri nacho ndi kuno komwe, kungoti sitichiona. Pa chigayo, pa shedi ya wowotcherera mageti ndi ngolo, pa mjigo wophwanyika, ponsepo ndi sukulu. Ndiponso ana a ku Chitipa ali ndi mwai umene ana ambiri a m'tauni alibe, pakuti amakulira pakati pa malonda. Amai ao amadziwa mtengo wa nyemba ku Isongole, ku Tunduma ndi ku Nakonde, amadziwa kuwerenga ndalama za maiko atatu, amadziwa kuluza nkudzukanso. Mwana amene anaona kholo lake likuluza koma osafa saopa bizinesi ngati mwana amene sanaonepo.

Tsono ndisakunamizeni kuti zopinga zonse nza m'mutu chabe. Zina nzenizeni, ndipo nzolemera. Makina owotcherera, makina osula zitsulo ndi waya wa mkuwa zimagulidwa kunja, ndipo pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inalumpha. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wobwereka wamng'ono ku banki amalipira kuposa apo, atapereka ndi chikole chimene mwana wotuluka kumene sukulu alibe. Ambiri amatuluka ali kale ndi ngongole ya bungwe lobwereketsa ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015. Boma lakhala likuyesa ndi thumba la ngongole za anthu wamba, monga MARDEF mu 2005 ndi NEEF mu 2020, koma ofuna amachuluka kuposa ndalama. Magetsi amazima. Ndipo wofuna kugulitsa mafuta ophikira m'masitolo ayenera kukhala ndi chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, mafutawo atathiridwa vitamini A monga mwa lamulo. Lamulolo ndi labwino, limateteza ana athu, koma limafuna ndalama ndi maulendo. Izi sitingazichotse ife a makasu.

Sindikutinso mwana ali yense ayambe bizinesi ai. Ntchito yolembedwa si tchimo. Wophunzira za milatho sangayambe ndi mlatho wakewake. Ayenera kugwira pansi pa akuluakulu zaka zingapo kufikira atavomerezedwa, chifukwa mlatho ukagwa umagwa ndi anthu. Ku America ofufuza atawerenga eni makampani atsopano amene anakula msanga koposa onse, anapeza kuti poyambitsa makampaniwo anali ndi zaka za m'ma 45, osati anyamata a sukulu. Ndiponso cholinga ndi china, kuchita ndi kwina. Pa msonkhano wa manyowa manja amakwera 60, koma maenje amene ndimakawapeza mwezi wotsatira sakwana 10. Komabe sindinaonepo dzenje la munthu amene sanakweze dzanja. Mwana angathe kulembedwa ntchito zaka 10 ali ndi mbeu yake m'chibade pamwamba pa moto. Chimene ndikudandaula ndi mbeu imene timaikazinga ife makolo mwana akali ku sukulu.

Pali chinthu chimodzi chimene chiri m'manja mwathu, ndipo nchachikulu kuposa momwe timachiyesera. Injiniya woyamba kumene, chimene amasowa koposa ngongole ya ku banki ndi wogula woyamba. Boma lathu lino linali ndi anthu pafupifupi 235,000 pa kalembera wa 2018, ndipo pafupifupi onse amadya za kumunda. Ku Misuku alimi a khofi, amene kuyambira 2007 ali mu Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, adziwa kuti khofi wothyoledwa lero ayenera kusendedwa lero lomwe, ndi kuti makina osendera akasokonekera pang'ono amaswa njere nkugwetsa giredi. Ameneyo ndi wogula. M'madambo mwathu mwayamba kulowa mapampu a sola, ndipo akaonongeka eni ake amabwerera ku khasu ndi chitini. Ameneyo ndi wogula. Mtsinje wa Wovwe ku Karonga umatulutsa magetsi pafupifupi mamegawati 4.5 kuyambira 1995, ndipo ku Bondo ku Mulanje midzi imayatsa magetsi ochokera ku mtsinje wa m'phiri lao. Mitsinje yotsika m'mapiri a Misuku ndi Mafinga ikungodikira munthu wodziwa kuiyeza. Mseu wa tala wa ku Karonga tiri nao, ndipo zitsulo za ku Mbeya ziri pafupi ndi ife kuposa za ku Blantyre.

Chifukwa chake ndikupemphani inu a makalabu ndi makopaletivi. Mwana wa m'mudzi mwanu akabwera pa tchuthi, musangomtuma kukakwatula nyemba. Muonetseni makina akufa. Akati angathe kukupangirani chotonolera chimanga kapena choumitsira khofi, mlembereni kalata ya kalabu yokhala ndi mtengo, mpatseni theka la ndalama kuti agule zitsulo, theka linalo mudzampatse akatsiriza. Akalakwitsa koyamba musamseke, pakuti inunso fodya wanu woyamba sanali giredi yapamwamba. Ndipo mlipireni. Apa ndinena mosabisa: mabizinesi ambiri amene ndawaona akufa m'dera langa sanaphedwe ndi banki kapena msonkho, anaphedwa ndi abale. "Uyu ndi mwana wathu, angatilipiritse bwanji?" Chigayo chagayira ulere azakhali, amalume, a mpingo ndi a maliro, ndipo lamba akaduka palibe ndalama yogulira wina. Ana a ku Yunivesite amazidziwa zimenezi, ndipo ena andiuza maso ndi maso kuti ngati adzayambe zao adzayambira kutali, kumene alibe m'bale. Inu mafumu, mnyamata kapena mtsikana akabwera kudzapempha malo a shedi pafupi ndi waya wa magetsi, mlandireni monga mumalandirira mzungu wa pulojekiti.

Kwa inu ophunzira amene mukumvera muli ku Blantyre, ku Thyolo, ku Bunda kapena ku Mzuzu, pempho langa ndi laling'ono. Chaka chotsiriza mumapatsidwa ntchito yofufuza ndi kupanga chinthu. Musaitole m'buku. Bwerani kwanu nthawi yokolola, mufike pa ofesi ya zaulimi imene iri pafupi ndi inu, kaya ku Lufita, ku Kameme, ku Misuku kapena ku Chisenga. Ife alangizi timadziwa kalabu iri yonse, makina amene iri nao, amene anafa, ndi chaka chimene anafera. Tidzakukwezani pa njinga ya moto mukaone nokha, mukawerenge, mukafunse alimi ndalama zimene angathe kulipira. Mukapeza kuti palibe phindu, mudzabwerera mutadziwa, osati mutangomva kwa achimwene anu monga anamvera mng'ono wanga.

Bambo aja a mota ndinakumana naonso mwezi wathawu. Lamba wa makina aja anali atayamba kulira, ndipo anandifunsa ngati ndidziwa munthu. Ndinati ndimdziwa, ndipo nambala yake iri m'foni mwao momwemo. Sanayankhe, koma sanasekenso.

Nthawi yanga yatha. Sabata ya mawa, tsiku longa lomweli, tidzakamba za kaumitsidwe ka nyemba ndi kasungidwe kake m'matumba osalowa mpweya. Amene muli ndi mafunso tumizani kudzera kwa mlangizi wa m'dera lanu. Tsalani bwino nonse, mugone bwino.